Usachoke pa Kamwendo Usanamuuze Elina

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikulemba kalatayi Lachitatu masana nditakhala pakhonde. Mtedza uli pamphasa ukudikira woti auswe, koma manja anga akukana ntchito chiyambire Lamulungu lija unandiimbira foni. Ife kuno tadzuka bwino. Chifuwa cha abambo ako chayamba kuchepa, ngakhale kuti mankhwala amamwa ndikachita kuwakumbutsa. Kalatayi ndiwapatsira amalume ako a Fulatiya, amene akubwera mawa ndi ngolo kudzatenga bedi ndi matiresi ako.

Mwina ukudabwa kuti bwanji sindinangoimba. Pa foni ndimayankhula mothamanga poopa mayunitsi, ndipo iwe umafulumira kunena kuti "Eya amayi, ndamva," ine ndisanafike n'komwe pamene ndikupita. Choncho ndalemba. Uwerenge utakhala pansi, uli wekha, ndipo ufike mpaka kumapeto.

Poyamba ndinene kuti ndakondwa. Zaka ziwiri zonsezi waima kuseri kwa kauntala mushopu ya mbewu ndi feteleza ija, ukubwereza mayeso, anzako akukuseka kuti wakalamba nayo sukulu. Lero akuitana kusukulu ya unamwino ku Lilongwe. Abambo ako sanena zambiri, koma Lolemba ndinawamva akufotokoza nkhaniyi kwa munthu wongodutsa panjira, woti sakumudziwa n'komwe. Loweruka ukwere minibasi, upite. Zonse zimene ndilembe m'munsimu usazitenge ngati ndikukubweza.

Koma mtima wanga suli pansi. Unandiuza kuti pangano la lendi likutha Lachisanu, ndipo a Mbewe, eni nyumba, sakufuna kuwonjezera chifukwa zipinda ziwirizo azisungiramo soya. Zimenezo ndinamva bwinobwino. Kenako ndinakufunsa kuti, "Nanga Elina akupita kuti?"

"Amayi, za sukulu sindinamuuze," unatero. "Akudziwa kuti tikusaka nyumba ina limodzi."

"Nanga akaona ngolo ikutenga bedi?"

"Ndimuuza kuti likupita kaye kumudzi mpaka nyumba itapezeka. Zoona zake ndidzamuuza Lachisanu potulutsa katundu."

Mwana wanga, kuyambira pamenepo chakudya sichikundilowa. Elina mwagona naye denga limodzi zaka ziwiri. Malungo atakugwira chaka chatha, ndi iye anatseka saluni tsiku lonse n'kukukweza kabaza kupita nawe kuchipatala. Lero ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, dalaivala wa thiraki amene anamupatsa mimbayo anawoloka malire foni yake n'kuleka kugwira, ndipo kwawo ku Mavwere amalume ake anamuuza kuti asapondeko. Zonsezi unandiuza ndiwe. Nkhani imeneyi ndibwererako, chifukwa ndi imene ndatengera cholembera. Undilole ndiyambe ndi zing'onozing'ono, mtima uyambe wakhazikika.

Ndiyambe ndi kiyi. Chaka choyamba cha ukwati wathu tinkachita lendi kachipinda ku Boma, abambo ako akugwira ntchito yosoka matumba pamalo ogulira mtedza. Ntchito itatha tinaganiza zobwerera kumudzi. Tsiku losamuka, lole imene tinapempha inafika m'mawa, dalaivala akuliza hutala ngati tamubera. Eni nyumba anali atapita kumaliro. Ine ndinangothamangira kwa mayi wa khomo loyandikana nalo, n'kumupatsa kiyi. "Mudzawapatse akabwera," ndinatero. Iye anati, "Pitani bwino, musadandaule." Patatha sabata, tinaona eni nyumba aja akufika kuno pa njinga, ali ndi wapolisi. Chitseko cham'kati munalibe, zenera linali litazulidwa ndi felemu yake yomwe. Mayi uja anakana kuti sanalandire kiyi aliyense. Ndinalumbira, ndinalira, koma panalibe amene anaona. Mbuzi imene agogo ako anatipatsa pa ukwati inapita tsiku lomwelo, anthu akuonerera. Abambo ako sanandikalipire. Anangokhala masiku atatu osayankhula, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa.

Ndiye iwe, kiyi ukampatse mwini wake m'manja. Osati mkazi wake, osati woyandikana naye, osati kumusiya pansi pa mwala. Dzina lili pa pepala la pangano lija ndi lako lokha, la Elina palibe, choncho chilichonse chikasowa adzasaka iwe. Uwapemphe a Mbewe kuti muyende limodzi m'zipinda zonse dzuwa likuwala. Galasi la zenera lakumbuyo lija munalipeza losweka kale, uwakumbutse mwaulemu. Ujambule ndi foni yako makoma, zitseko, mpopi ndi mita ya magetsi. Akalandira kiyi, alembe kuseri kwa pepala kuti alandira ndipo nyumba aipeza bwino, asayine, pakhale ndi munthu wamkulu woona. Za dipoziti mukambirane nthawi yomweyo, usavomere zoti "mudzabwere mwezi wamawa," chifukwa mwezi wamawa udzakhala uli m'kalasi. Ndikudziwa kuti a Mbewe ndi munthu wabwino, ndipo udzachita manyazi kuwapempha kuti asayine. Chita manyaziwo, koma asayine.

Nyumbayo muisese, mukolope, muchotse misomali imene munakhoma. Osasiya zinyalala kuseri. Munthu amakumbukiridwa ndi mmene anasiyira malo, ndipo pa Kamwendo udzadutsapobe moyo wako wonse.

Za katundu amene munagula limodzi, ndikupempha chinthu chimodzi. Hotipuleti, makatani, ndowa ziwiri zija ndi bulangete lalikulu, umusiyire Elina. Usayambe kuwerengera kuti ine ndinaponyapo zambiri. Mwina unaponyapodi zambiri. Umusiyirebe. Chifukwa chake uchimva kutsogoloku.

Tsopano za chipinda cha ku Lilongwe chimene wapeza pa foni, choti mukakhale ndi mtsikana amene sunamuonepo. Ndisanakwatiwe ndinkachita geni ya zitenje, kukapikula ku Chipata n'kumagulitsa m'misika ya kuno. Ndinali ndi mnzanga dzina lake Esinati, wa tsidya lija la Zambia, amene tinadziwana pamzere wodinditsa ziphaso. Tinagwirizana zochita lendi chipinda chimodzi pafupi ndi malire. Tinachiona mu Okutobala, kunja kukutentha, ndipo tinachikonda chifukwa chinali chozizira komanso chotchipa. Sitinadzifunse kuti chikuzizira chifukwa chiyani. Chinali m'munsi mwa msewu. Mvula ya Januwale itabwera, tinachokera kumsika n'kupeza madzi afika m'mawondo, zitenje zonse zikuyandama, utoto utasakanikirana. Mpamba wanga wonse unali mmenemo. Esinati anaima pakhomo n'kuseka, kuseka kwa munthu amene misozi yamukana. Kenako anati, "Agi, tenga chidebe." Tinakapa madziwo mpaka misana kuuma, ndipo mpamba woyambiranso anandigawira ndi iye.

Choncho usapereke kalikonse usanachione ndi maso ako. Azakhali ako a ku Chinsapo akakudikira ku depoti, ndawauza kale. Ukagone kwawo kaye, m'mawa mwake mupite limodzi. Ukayang'ane m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa madzi. Ukayang'ane denga. Ukayese loko, ndipo ukafunse kuti makiyi ake alipo angati ndi amene akuwasunga. Ukafunse amayi a pamalopo, osati eni nyumba, kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata. Mtsikanayo ukamuone nkhope, ukadziwe kwawo ndi nambala ya m'bale wake. Pa pepala la pangano pakakhale mayina a nonse awiri. Chikapanda kukusangalatsa, usachite mantha kukana. Azakhali ako anena kuti ukhoza kukhala nawo mwezi wathunthu. Ndikubwereza, usapereke kalikonse usanachione.

Ndazungulira mokwanira. Esinati amene ndamutchulayu sunamumvepo, ndipo pali chifukwa chake.

Tinakhala naye chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Madzi aja atatipweteka tinasamukira m'chipinda china chakumtunda, ndipo tinkadyera mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi limene tinasonkherana. Chaka chachiwiri anayamba kudwala. Anayamba ndi kutsokomola, kenako thupi linayamba kutha, masiketi akumuvuka. Masiku amenewo anthu akaona zotere ankangonong'onezana, ndipo ena analeka kugula zitenje pamalo pake. Nthawi yomweyo abambo ako anali atandifunsira, akwathu atavomera, tsiku la chinkhoswe litadziwika. Pangano la chipinda chathu linkatha kumapeto kwa Juni, ndipo mwini wake anatiuziratu kuti mwana wake akukwatira, adzalowamo. Ine ndinkadziwa kwa miyezi iwiri kuti ndikupita kumudzi ndipo sindidzabwerera. Esinati sindinamuuze.

Sikuti ndinkamuda. Ndinkati ndimuuza mawa, akapezako bwino. Mawa likafika ndinkamupeza atagona, ndiye ndinkati ndisamuwonjezere ululu. Iye ankandifunsa m'chiyankhulo chakwawo chija kuti, "Manje tizankhala kuti, Agi?" Ine ndinkayankha kuti, "Tipeza, usadandaule." Tsiku lina anadzikoka yekha, kuyenda mtunda wautali akupumira m'njira, n'kubwera akumwetulira kuti wapeza chipinda kuseri kwa chigayo, chokwana anthu awiri. Ndinamuuza kuti tikachione Loweruka. Ndinkadziuza kuti ndikumumvera chisoni, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope yake. Ndinkaopanso kuti akandipempha kuti ndimutenge, sindidziwa choyankha, chifukwa ndinkachita mantha kuti akuchimuna akamva kuti ndimakhala ndi munthu wodwala chotero, ukwati utha.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwezi uthe, Esinati anakwera galimoto kupita kuchipatala kukatenga mankhwala. Atangochoka ndinamanga katundu wanga. Ndinatenga zitenje zanga, mapoto anga awiri, ndi bulangete lija. Mwana wanga, unali mwezi wa Juni, ukudziwa mmene kumazizirira kumalire kuja. Ndinaliyang'ana, ndinadziuza kuti ndinaponyapo zambiri ndine, n'kulipinda. Ndinasiya uthenga kwa mayi wina wogulitsa tomato pamsewu kuti, "Mumuuze kuti kumudzi kwagwa zadzidzidzi, ndibwera." Ndinakwera lole osacheuka.

Ndinabwererako patatha miyezi itatu, chinkhoswe ndi ukwati zitadutsa. Mayi wa tomato uja atandiona sanandipatse moni. Anangoti, "Mwabwera tsopano?" Anandiuza kuti Esinati atafika anapeza chipinda chili theka, anatuluka n'kukhala pakhomo mankhwala ali m'manja. Anafunsa kuti, "Wanena kuti abwera liti?" Mawa lake mwini nyumba anamutulutsira katundu panja. Chipinda cha kuchigayo chija sakanachikwanitsa yekha. Anagona pakhonde la sitolo masiku anayi, akufunda zitenje zogulitsa, akukana kuchoka chifukwa ankati ndikabwera ndimusowa. Kenako mchimwene wake anamva, anabwera ndi njinga n'kumutenga.

Ukuganiza kuti ndinawoloka tsiku lomwelo? Ayi. Ndinati ndipita tikadzala, kenako ndinati tikapalira, kenako tikakolola. Nditafika kumudzi kwawo, amayi ake anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, n'kundifunsa kuti, "Ndinu Agi?" Ndinavomera. Anati, "Ankakutchulani mpaka kumapeto." Anali atamuika m'manda mwezi wa Febuluwale. Ndinafunsa kuti ankati chiyani. Mayi aja anati, "Ankadandaula kuti mwina munachita ngozi panjira. Ankati Agi sangapite osanditsanzika, chilipo chamuchitikira. Anatipempha kuti tifufuze." Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tikuthokoza Mulungu kuti muli moyo." Sindinawauze zoona. Ndinadya chakudya chawo, anandiperekeza mpaka pamsewu, ndinabwera kunyumba.

Zaka zonsezi ndakhala nazo ndekha. Ndinakalapa kutchalitchi, ndinauzidwa kuti ndakhululukidwa, ndipo ndimakhulupirira. Koma mwezi wa Juni ukafika, ndikamafunda, ndimamukumbuka. Sindikunena kuti ndikanamuuza akanachira. Mwina akanamwalirabe. Koma akanakhala ndi miyezi iwiri yotumiza uthenga kwa mchimwene wake, akanachoka ngati munthu, osagona pakhonde la sitolo akudikira wabodza. Chimene ndinamulanda ndi nthawi yokonzekera. Iwe wamulanda kale Elina masabata atatu chilandirire kalata ya sukulu. Kwatsala tsiku limodzi ndi theka. Usamulandenso limenelo.

Umuuze mawa, Lachinayi, bedi lisanakwere ngolo. Amalume ako ndawauza kuti akafika akupatse kalatayi n'kupita kaye kumsika, asanyamule kanthu mpaka utawaitana. Elina akakhala ali ku saluni, ukamuitane. Mukhale pansi m'nyumba, chitseko chotseka. Usayambe ndi nkhani zina, usazungulire ngati mmene ndachitira ine m'kalata muno. Unene kuti, "Elina, andiitana kusukulu, ndikupita Loweruka. Ndadziwa kalekale koma ndinkaopa kukuuza. Ndinakunamiza za nyumba ija, ndalakwa." Ukatero ukhale chete. Akalira, alire. Akakutukwana, usabweze, usayambe kuwerenga zabwino zimene unamuchitira. Akakuuza kuti utuluke, utuluke ukhale pakhonde, koma usachoke pamalopo. Mkwiyo wake ndi woyenera, ndipo sukupha. Ine ndinathawa mkwiyo wa tsiku limodzi, ndipo taona zimene ndasenza.

Komanso usalonjeze zimene sungathe. Usanene kuti uzimutumizira ndalama mwezi uliwonse, chifukwa ulibe. Usanene kuti usiya sukulu kuti ukhale naye. Chisoni chikakugwira ukhoza kutero, ndimakudziwa. Sukulu upita. Kumuuza zoona n'kosiyana ndi kutaya tsogolo lako, ndipo Elina amene ndimamudziwa ine sangakupemphe zimenezo.

Pali china choti umuuze, ndipo ichi n'chochokera kwa ife. Lolemba madzulo ndinawafotokozera abambo ako nkhani ya Esinati yonse. Ankadziwa kuti ndinali ndi mnzanga amene anamwalira, koma za mmene ndinachokera sankadziwa. Anamvetsera mpaka kumapeto akuyang'ana pansi. Kenako anati, "Ndiye mukufuna titani?"

Ndinati, "Chipinda cha Tiyamike chikhala chopanda munthu zaka zitatu."

Anati, "Anthu a kumphakati anena chiyani, tikusunga mtsikana wa mimba yopanda bambo? Nanga chimanga chaka chino mwachiona mmene chachepera?"

Ndinati, "Ndachiona."

Anatenga khasu n'kupita kudimba, ngakhale kuti kunalibe choti akachite. Dzulo tsiku lonse sanaitchule nkhaniyi, ine ndinangoti basi yakanika. Lero m'mawa ndinawapeza ataima m'chipinda chako akuyang'ana kudenga. Anati, "Pakona apa pamadontha. Mwana wakhanda sangagone pamenepa. Ndikonza Loweruka."

Ndiye umuuze Elina kuti malo alipo. Akhale nafe mpaka abereke, mpaka mwana alimbe, kenako adzaona yekha chochita. Chipatala sichili kutali, ndizimuperekeza kusikelo. Amayi a kuno amayenda mtunda kukalukitsa tsitsi, akhoza kumawaluka pakhonde pano n'kumapeza ya sopo. Usamuuze ngati tikumuchitira chifundo, umuuze kuti ine ndikufuna munthu wocheza naye iwe ukapita, chifukwa zimenezonso n'zoona. Akavomera, amalume ako atenge katundu wake mawa lomwelo, iye abwere Lachisanu mukapereka kiyi. Akakana, usamukakamize. Mwina ali ndi kwina kumene ife sitikudziwa, mwinanso mkwiyo sumulola kulandira kanthu kuchokera kubanja lako. Zikatero umufunse kumene akagone Lachisanu, umuperekeze, uone khomo lake ndi maso ako, ndipo umusiyire nambala yanga. Umuuze kuti akhoza kusintha maganizo mwezi wamawa kapena tsiku limene matenda adzamuyambe, tidzamulandira chimodzimodzi.

Ndikuopa, Tiyamike. Ndikuopa Lilongwe, ndikuopa chipinda chimene sindinachione, ndikuopa kuti udzadwala kopanda wokukweza kabaza. Koma zimenezo ndazipereka kwa Mulungu ndi kwa azakhali ako. Chimene sindingathe kupereka kwa wina ndi ichi, chifukwa ndikudziwa mmene chimayambira. Uli ndi mtima wofewa ngati wanga, ndipo mtima wofewa ndi umene unandinamiza kuti kukhala chete n'kukoma mtima.

Usaiwale chiphaso chako, kalata ya sukulu ndi satifiketi, uziike m'pepala la pulasitiki m'chikwama cham'manja, osati m'sutikesi yokwera kumbuyo kwa minibasi. Ufa ndi mtedza wa azakhali ako amalume ako abwera nazo. Juzi uvale, m'mawa kukuzizira. Kiyi m'manja mwa a Mbewe, ndipo asayine. Abwana ako a kushopu ukawatsanzike bwino.

Mawa kuyambira folo koloko ndikakhala pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira, foni ili m'manja. Ukamuuza undiimbire, ndipo ngati angalole, umupatse foni ndimuyankhule ndekha. Ndikakhala pamenepo mpaka dzuwa litalowa. Likalowa foni isanalire, ndidziwa kuti mawu akukanika kutuluka, ndipo sindikuweruza, chifukwa ine anandikanika miyezi iwiri. Ndidzangodzuka Lachisanu m'mamawa, ndikwere kabaza, ndibwere tidzamuuze tili awiri.

Ndine mayi ako,
Agnesi